MARCELLIN CHAMPAGNAT WOYERA, TATE WA ABULAZALA A KU MTENDERE

Munthu akaima pa Kalomwe pano nayang'ana tsidya la malire, amaona phiri la Dedza litaima pafupi ngati la kwathu komwe. Malire amenewa anachita kupangana Angerezi ndi Apwitikizi m'chaka cha 1891, koma sanathe kugawa chinenero chathu, maukwati athu, maliro athu ngakhale misika yathu. Nchifukwa chake dzina la Mtendere, sukulu ya sekondale ya anyamata imene ili m'boma la Dedza, si lachilendo m'makutu mwathu. Timamva abale athu a tsidya ilo akulitchula monyadira mwana wawo akasankhidwa kupitako, ndipo timadziwa kuti oyendetsa sukuluyo ndi Abulazala a chipani cha Marist, amene pa Chipwitikizi amatchedwa Irmãos Maristas.

Koma ndi angati mwa ife amene akudziwa kumene Abulazalawa anachokera? M'buku lino lokumbukira zaka 100 za parishi yathu taona kuti nkoyenera kuikamo mbiri ya munthu amene anayambitsa chipani chawo, Marcellin Champagnat Woyera. Iye sanapondepo phazi mu Africa, ndipo anamwalira kalekale mishoni ya ku Lifidzi isanayambe nkomwe. Komabe mbiri yake ikutikhudza ndithu, pakuti anali mwana wa kumapiri ngati ana athuwa, anathawa sukulu chifukwa cha nkhanza za mphunzitsi, anayesedwa mbuli yosatha kugwira kanthu, ndipo pambuyo pake ndiye anadzakhala tate wa aphunzitsi zikwi zambiri.

UBWANA WAKE

Marcellin anabadwa pa 20 Meyi 1789 m'kamudzi ka Le Rosey, m'parishi ya Marlhes, kumapiri a kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lyon m'dziko la France. Anali wachisanu ndi chinayi m'banja la ana 10. Dera lakwawo ndi lokwera ndi lozizira kwambiri, la anthu olima ndi oweta, okhala motalikirana m'zigwa ndi m'mitunda. Bambo ake, a Jean-Baptiste Champagnat, anali mlimi amene analinso ndi chigayo choyendera madzi, ndipo popeza ankadziwa kulemba ndi kuwerenga, anapatsidwa maudindo m'boma la m'dera lawo. Mayi ake, a Marie Chirat, anali munthu wa mapemphero ndi wosalekerera ana.

Chaka chimene Marcellin anabadwa ndi chomwecho chimene ku France kunabuka chipolowe chachikulu chimene chinagwetsa ufumu wa dzikolo. M'zaka zotsatira matchalitchi ambiri anatsekedwa, ansembe ena anaphedwa, ena anathawira kunja, ena nkumabisala m'midzi. Sukulu zambiri za m'midzi, zimene zinkadalira Eklezia, zinagwa. Azakhali ake a Marcellin, amene anali asisitere, anathamangitsidwa m'nyumba ya chipani chawo nadzakhala pakhomo pa mlongo wawo. Iwowa pamodzi ndi mayi ake ndiwo anaphunzitsa mwanayo mapemphero ndi kukonda Amayi Maria.

Tsiku loyamba limene Marcellin anapita ku sukulu ya m'mudzi, mphunzitsi anamuitana kuti abwere kutsogolo adzawerenge. Iye pokhala wamanyazi anazengereza, ndipo mnyamata wina wachangu anathamangira kutsogoloko m'malo mwake. Mphunzitsi uja, osafunsa kanthu, anamuwomba khofi lamphamvu mnyamatayo namubweza kumbuyo akulira. Marcellin ataona zimenezi mtima unamuwawa kwambiri. Atafika kunyumba anauza makolo ake kuti kwa mphunzitsi wotere sadzabwererako, ndipo sanabwererekodi. Nthawi inanso pa katekisimu anaona wansembe akupatsa mwana wina dzina lachipongwe. Anzake analitola dzinalo nayamba kumuseka nalo, mpaka mwanayo anasanduka wamsunamo ndi waukali. Zinthu ziwirizi sizinachoke mumtima mwa Marcellin moyo wake wonse. Akuluakulu athu amene akukumbukira kathabwa kobookabooka komenyera m'manja, kamene Apwitikizi ankakatcha palmatória, angathe kumvetsa msanga mantha amene mwanayo anali nawo.

Motero Marcellin anakulira pakhomo. Kwa bambo ake anaphunzira kulima, kupala matabwa ndi kumanga ndi miyala. Anapatsidwanso ana a nkhosa oti aziweta, ndipo akanenepa ankawagulitsa nkumasunga ndalama zake. Aliyense womuona ankati adzakhala mlimi wochenjera ndi wodziwa malonda.

KU SEMINALE

Ali ndi zaka 14, kunyumba kwawo kunafika wansembe amene ankayendera midzi kufunafuna anyamata oti alowe seminale, pakuti chipolowe chija chinasiya maparishi ambiri opanda abusa. Atacheza ndi Marcellin anamuuza kuti Mulungu akumufuna pa unsembe. Mnyamatayo anavomera, ngakhale kuti kulemba ndi kuwerenga ankangodziwa pang'ono chabe, ndipo pakamwa pake pankayenda chinenero cha kumudzi osati Chifalansa cha m'mabuku.

Bambo ake anamwalira m'chaka cha 1804. Marcellin anatumizidwa kwa mlamu wake, a Benoît Arnaud, amene anali mphunzitsi ku Saint-Sauveur, kuti akamukonzekeretse. Atamuyesa kwa miyezi yambiri, mlamuyo anauza banja lonse mosabisa kuti mnyamatayu alibe mutu wa sukulu, ndipo kuli bwino abwerere ku nkhosa zake. Koma mayi ake sanataye mtima. Anamutenga mwana wawo nayenda naye ulendo wapansi kupita ku La Louvesc, kumanda a John Francis Regis Woyera, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti, chipani chomwechi chimene chatumikira dziko lathu la Angónia kwa zaka zambiri. Atabwerako, Marcellin analowa seminale yaing'ono ya ku Verrières mu Novembala 1805, ali ndi zaka 16. Zovala zopita nazo anagula ndi ndalama za nkhosa zija.

Kumeneko anaikidwa m'kalasi la ana aang'ono kwa iye, ndipo anzake ankamuseka chifukwa cha msinkhu wake ndi kalankhulidwe kake ka kumudzi. Chaka choyamba chitatha, akuluakulu a seminale anamuuza kuti asadzabwerenso. Mayi ake anayambanso kupemphera ndi kupepesa, ndipo mothandizidwa ndi bambo mfumu wa parishi yawo, mwanayo analoledwa kuyesanso. Tisaganize kuti kuyambira pamenepo anali mngelo ayi. Kwa kanthawi ndithu analowa m'kagulu ka anyamata okonda zosangalatsa, amene ankazembera ku nyumba zomwera mowa za pamudzipo. Imfa yadzidzidzi ya mnzake wina ndiponso chidzudzulo cha akuluakulu ake ndizo zinamubweza. Atapatsidwa udindo woyang'anira chipinda chogona, ankadikira kuti anzake agone, iye nkuyatsa kanyali nkumawerenga mpaka usiku. Mayi ake anamwalira m'chaka cha 1810, osaona mathero a khama lawo.

M'chaka cha 1813 analowa seminale yaikulu ya ku Lyon. Mmodzi mwa anzake kumeneko anali Jean-Marie Vianney, amene nayenso Chilatini chinkamuvuta kwambiri, ndipo lero ndiye nkhoswe ya ansembe a m'maparishi. Kumenekonso kagulu ka anyamata, mwa iwo Jean-Claude Courveille ndi Jean-Claude Colin, kanayamba kukambirana zoyambitsa chipani chodzipereka kwa Amayi Maria. Marcellin ankaumirira nthawi zonse kuti m'chipanicho mukhale Abulazala ophunzitsa ana a kumidzi, pakuti iye mwini anali atalawa kuwawa kwa kukula wopanda mphunzitsi wabwino. Anzake atatopa nako kuumirirako anamuuza kuti mbali imeneyo aisenze yekha. Anadzozedwa unsembe pa 22 Julayi 1816, ndipo m'mawa mwake iye ndi anzake, onse pamodzi 12, anakwera ku tchalitchi cha Amayi Maria cha pa phiri la Fourvière kukalonjeza kuti adzayambitsa chipanicho.

KU LA VALLA

Mu Ogasiti 1816 Bambo Champagnat anatumizidwa ku parishi ya La Valla, m'mphepete mwa phiri la Pilat, kukathandiza bambo mfumu. Akhristu a kumeneko ankakhala m'timidzi tambirimbiri tomwazikana m'zigwa zakuya, ndipo njira zake zinali zoyenda pansi pokha. Wansembe wachinyamatayo ankayenda maola ambiri, usana ndi usiku, mvula ndi chisanu, kukaona odwala ndi kuphunzitsa katekisimu.

Mbiri ya chipani imasimba kuti pa 28 Okutobala chaka chomwecho anaitanidwa ku kamudzi ka Les Palais, kumene mnyamata wa zaka pafupifupi 17, dzina lake Jean-Baptiste Montagne, anali kayakaya. Atayamba kumufunsa kuti amukonzekeretse kulapa, anapeza kuti mnyamatayo sankadziwa kanthu za Mulungu, ngakhale anabadwira m'dziko la Akhristu. Anakhala naye maola awiri akumuphunzitsa, namupatsa masakramenti, kenaka anapita kukaona wodwala wina pafupi pomwepo. Pobwerera anapeza anthu akulira maliro. Ali m'njira kubwerera ku parishi, ankangolingalira za ana ena osawerengeka a m'mapiri amene anali mumdima womwewo, ndipo anatsimikiza kuti nthawi yodikira yatha.

Pa 2 Januwale 1817, ali ndi zaka 27 zokha ndiponso asanathe miyezi 6 pa unsembe, analowetsa anyamata awiri m'kanyumba kamene anakapeza pa ngongole pafupi ndi tchalitchi. Woyamba anali Jean-Marie Granjon, amene kale anali msilikali wa Napoleon, ndipo wachiwiri anali Jean-Baptiste Audras, wa zaka 14. Tebulo lodyerapo Bambo Champagnat anakhoma okha ndi manja awo, ndipo likusungidwabe ku La Valla mpaka lero. Anyamatawo ankapemphera, kuphunzira kulemba ndi kuwerenga, kulima dimba ndi kusula misomali yogulitsa kuti apeze chakudya. Chakudyacho chinali buledi wa anthu osauka, kachewere, ndiwo zamasamba ndi madzi. Umu ndi mmene chinayambira chipani chimene anachitcha Abale Aang'ono a Maria. Posakhalitsa Bambo Champagnat anachoka m'nyumba ya ansembe nadzakhala pamodzi ndi anyamata awo, kudya zimene iwo ankadya.

Pasanathe zaka zitatu, Abulazala anali atayamba kuphunzitsa ku La Valla komweko ndi ku Marlhes. Motero parishi imene Marcellin anathawiramo sukulu ali mwana inali imodzi mwa zoyamba kulandira aphunzitsi ake.

M'KALASI, PA NTCHITO NDI PA BWALO

Nthawi imeneyo ku France kunali kale Abulazala ena ophunzitsa, a chipani cha De La Salle, koma ankakhala m'matauni, ndipo midzi yosauka sinkatha kulipira zimene zinkafunika kuti abwere. Bambo Champagnat ankatumiza Abulazala awo awiriawiri kapena atatuatatu, pa malipiro ochepa, ndipo ankawalamula kuti aziphika okha ndi kulima okha dimba kuti asalemetse mudzi. Sukulu zawo zinali za pulayimale. Ana ankaphunzira katekisimu, kuwerenga, kulemba, masamu ndi kuimba. M'malo moti mphunzitsi aziitana mwana mmodzimmodzi ena onse akungosewera, monga zinkachitikira m'midzi yambiri, ana anagawidwa m'magulu molingana ndi pamene afika, gulu lonse nkumaphunzira pamodzi. Analamulanso njira yatsopano yotchulira malembo yothandiza ana kuwerenga msanga, ngakhale Abulazala ena ozolowera njira yakale anayamba aikana.

Koma chachikulu pa zonse chinali khalidwe la mphunzitsi. Bambo Champagnat ankaphunzitsa kuti munthu sangalere mwana amene sakumukonda, ndipo kuti chikondicho chiyenera kufikira ana onse mofanana, wanzeru ndi wochedwa kumva, wovala bwino ndi wausiwa. Ankadana nako kumenya ana ndi kuwapatsa maina achipongwe, ndipo ankati mwana amaongoka ndi chitsanzo cha mphunzitsi amene amakhala naye nthawi yaitali. Pa chifukwa chimenechi Bulazala sankaloledwa kukabisala m'nyumba nthawi yopuma ikakwana. Ankayenera kutuluka ndi ana, kuwayang'anira ndi kuwalimbikitsa kusewera, pakuti mwana amaonetsa mtima wake weniweni pa masewera kuposa pa benchi. Akamapangana ndi mudzi zotsegula sukulu, ankaonetsetsa kuti zipinda zikhale zowala ndi zopita mphepo, ndiponso kuti ana akhale ndi malo osewerera.

Pali nkhani ina imene Abulazala amakonda kukamba. Bulazala Sylvestre, amene anali mnyamata wamng'ono kwambiri, anatumizidwa ku nyumba ina kukakhala wophika. Tsiku lina atasowa chochita anatenga wilibala nayamba kuiyendetsa m'nyumba monse, mpaka anakwera nayo makwerero. Mkulu wa nyumbayo anakamuneneza kwa Bambo Champagnat kuti ndi wachibwana. Iwo m'malo mokalipira mnyamatayo anaseka, nanena kuti akanafika nayo pamwamba penipeni akanamupatsa mphotho. Kenaka anadzudzula akuluakuluwo chifukwa chongokhala ndi mabuku awo, osapeza nthawi yosewera ndi mng'ono wawo. Amene amadabwa poona Abulazala ali pa bwalo la mpira ndi anyamata awo madzulo, adziwe kuti mwambowo unachokera kutali chotere.

MASIKU A MAVUTO

Ntchito imeneyi sinayende pamyendo posalala. Ansembe ena ankanena kuti munthu amene anavutika ndi sukulu sangayambitse chipani cha aphunzitsi, ndipo ankamuyesa wodzikuza kapena wozungulira mutu. Kuchiyambi kwa 1822 panalibe mnyamata watsopano wofuna kulowa, mpaka mu Malichi chaka chomwecho anafika anyamata 8 nthawi imodzi kuchokera ku dera lina la kumapiri. Mu Febuluwale 1823, pochokera kokaona Bulazala wodwala, Bambo Champagnat ndi Bulazala Stanislas anasokera usiku m'phiri, chipale chofewa chikugwa, mpaka Bulazalayo anakomoka ndi kuzizira. Bambo Champagnat anagwada napempha Amayi Maria, ndipo posakhalitsa anaona kuwala kwa nyali ya mlimi wina amene anatuluka kukaona ziweto zake. Anthu awiriwo anapulumukira m'nyumba imeneyo.

Kanyumba ka ku La Valla katachepa, m'chaka cha 1824 anayamba kumanga nyumba yaikulu m'chigwa cha mtsinje wa Gier, pafupi ndi tauni ya Saint-Chamond. Bambo Champagnat ankaswa okha thanthwe, kusenza miyala ndi kumanga pamodzi ndi amisiri, zimene ena ankati nzosayenera wansembe. Abulazala analowa m'nyumbayo m'chaka cha 1825, ndipo inatchedwa Notre-Dame de l'Hermitage. Kumapeto kwa chaka chomwecho Bambo Champagnat anadwala mpaka anthu anataya chiyembekezo. Eni ngongole atamva anayamba kuopseza kuti alanda nyumbayo, ndipo Abulazala ambiri anaganiza zobwerera kwawo. Iwo anadzuka asanachire bwino nakaonekera pamaso pa ana awo kuti awalimbitse mtima. M'chaka cha 1826 ansembe awiri amene ankawathandiza anachoka, ndipo Jean-Marie Granjon, mwana wawo woyamba uja, nayenso anasiya chipani.

Vuto lina linachokera ku boma. Lamulo la m'chaka cha 1833 linafuna kuti woyendetsa sukulu aliyense akhale ndi setifiketi ya uphunzitsi, ndipo popeza chipanicho chinali chisanavomerezedwe ndi boma, Abulazala achinyamata ankatha kutengedwa kupita ku usilikali kwa zaka zambiri. Bambo Champagnat analimbikitsa ana awo kuphunzira nthawi ya tchuthi kuti akhoze mayeso a boma. M'chaka cha 1838 anakhala miyezi yambiri ku Paris akuyenda ofesi ndi ofesi kupempha chilolezo, koma anabwerako chimanjamanja. Chilolezocho chinadzaperekedwa m'chaka cha 1851, iwo atagona kale m'manda zaka 11.

Pakati pa mavuto onsewa maso awo ankaona kutali. M'chaka cha 1836 Papa Gregory XVI anavomereza ansembe a chipani cha Maria nawapatsa ntchito yolalika ku zilumba za nyanja ya Pacific. Bambo Champagnat anachita malumbiro awo m'chipanicho chaka chomwecho, ndipo anafunitsitsa kupita nawo, koma anauzidwa kuti malo awo ali pakati pa Abulazala. Anatumiza Abulazala atatu pa ulendo woyambawo, pamodzi ndi Bambo Peter Chanel, amene anadzaphedwa pa chilumba cha Futuna m'chaka cha 1841.

IMFA YAWO

Maulendo apansi, kusala zakudya ndi ntchito yakalavulagaga zinatha mphamvu zawo, ndipo anagwidwa ndi khansa ya m'mimba. Mu Okutobala 1839 Abulazala anasankha Bulazala François kuti alowe m'malo mwawo. Ameneyu ndi Gabriel Rivat, amene anaperekedwa kwa Bambo Champagnat ali mwana wa zaka 10. Mu Meyi 1840 mawu awo otsazika anawerengedwa pamaso pa Abulazala onse, ndipo mutu wake unali woti azikondana ndi kukhala mtima umodzi. Anamwalira mbandakucha wa Loweruka pa 6 Juni 1840 ku Hermitage, ali ndi zaka 51. Anasiya Abulazala pafupifupi 280 ndi sukulu 48, m'mene munkaphunzira ana pafupifupi 7,000. Papa Pius XII anawalengeza kuti ndi wodala m'chaka cha 1955, ndipo Papa John Paul II anawaika m'gulu la oyera pa 18 Epulo 1999.

MBEU IFIKA KUFUPI NDI KWATHU

Abulazala a Marist anafika mu Africa m'chaka cha 1867, ku Cape Town, ndipo m'chaka cha 1889 anatsegula sukulu ya anyamata ku Johannesburg, mzinda wa migodi umene makolo athu ambiri anakagwirako ntchito. Ena anawolokera ku Canada m'chaka cha 1885. Boma la France litatseka sukulu za zipani m'chaka cha 1903, Abulazala mazanamazana anamwazikira m'maiko ena, kotero kuti chimene chinayenera kupha chipani ndicho chinachifalitsa. Kuchokera ku Canada kuja Abulazala anafika ku Kutama, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, m'chaka cha 1939, ndipo m'chaka cha 1946 anafika ku Nyasaland nayamba ntchito yawo ku Mtendere. Ena anafika kuno ku Mozambique m'chaka cha 1948, ndipo ku Zambia anakhazikika ku Chassa, m'chigawo cha kum'mawa.

Pa nthawi imeneyo njala ya Nyasaland sinalinso ya sukulu za pulayimale zokha. Dziko lonse linali ndi sekondale ziwiri, ya ku Blantyre yotsegulidwa m'chaka cha 1940 ndi ya Akatolika ya ku Zomba yotsegulidwa m'chaka cha 1942. Choncho ana a Bambo Champagnat, amene anayambira pa kuphunzitsa malembo m'midzi, anasenza ntchito ya sekondale zogonera komweko. Sukulu ya ku Zomba ija, imene anthu amaitcha Box 2, inaperekedwa m'manja mwawo, ndipo akuyendetsanso Likuni Boys pafupi ndi Lilongwe, Mtendere, ndi ina yoyandikana nayo yotchedwa Marist Secondary School.

Mnyamata amalowa m'sukulu zotere atakhoza mayeso a Sitandade 8, ndipo amaphunzira zaka zinayi, kuyambira Folomu 1 mpaka Folomu 4. Pomaliza amalemba mayeso a MSCE, amene amawerengedwa pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino koposa. Mapointi akachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri, ndipo mapointi 6 ndiwo mapeto a kukhoza. Zotsatira zikamatuluka, maina a sukulu za Abulazala amamveka kawirikawiri pakati pa zochita bwino, ndipo m'menemo mwatuluka ansembe, aphunzitsi, madokotala ndi akuluakulu a boma. Koma amene anaphunziramo sakumbukira mabuku okha. Amakumbukira belu la m'mamawa, Misa, ntchito zamanja, ndi bwalo la mpira madzulo pamene anyamata a zigawo zonse za dziko amavala malaya a mtundu umodzi. Kutali ku New Zealand ndi ku Samoa dzina la Marist limadziwika mpaka ndi anthu osapemphera, chifukwa cha matimu a mpira wa rugby amene anayambitsidwa ndi anyamata akale a sukulu za Abulazala.

NANGA IFE A KUNO?

Mbali yathu ya malire inayenda njira ina. Ajezuwiti amene anayambitsa mishoni ya ku Lifidzi anachotsedwa boma la Portugal litasintha m'chaka cha 1910, ndipo anabwereranso m'chaka cha 1941. Pa ulamuliro wa Apwitikizi ana ambiri a anthu akuda ankalekezera m'makalasi oyambirira a ku mishoni, ndipo ofika ku sekondale anali owerengeka. Pa 24 Julayi 1975 boma latsopano linatenga sukulu zonse za mishoni. Kenaka inadza nkhondo. Pa 30 Okutobala 1985 Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa Angónia, ndi Bambo Sílvio Moreira anaphedwa ku Chapotera. Sukulu zambiri zinatsekedwa, anthu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo mtendere unabwera pokhapokha pangano la ku Rome litasainidwa pa 4 Okutobala 1992. Mbadwo wathunthu unakula monga anakulira Marcellin, m'dziko la matchalitchi otsekedwa ndi sukulu zakugwa.

Lero sukulu zilipo, ndipo Ajezuwiti anamanganso sekondale ya Inácio de Loyola ku Msaladzi. Koma tiyeni tiyang'ane m'midzi mwathu, m'madimba a kachewere ndi pa chipata cha malire, tiwerenge anyamata a msinkhu wa sukulu amene ali kumeneko nthawi ya maphunziro. Ena anasiya chifukwa cha umphawi, ena chifukwa chokopeka ndi ndalama za msanga, ena chifukwa mphunzitsi kapena kholo linawauza kuti alibe mutu. Marcellin anauzidwa mawu omwewo kawiri konse, ndi mlamu wake ndiponso ndi akuluakulu a seminale. Akanakhala kuti mayi ake anavomereza, sikukanakhala Hermitage, ndipo ku Mtendere sikukanafika Abulazala. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphakati uliwonse wa parishi ino ukudziwa maina a ana amene anasiya sukulu, ndipo ungathe kupita kukacheza ndi makolo awo. Aphunzitsi ndi akatekisiti athu angathe kudzifunsa ngati pali mwana amene analeka kubwera chifukwa cha dzanja lawo kapena lilime lawo.

Chaka ndi chaka Eklezia amakumbukira Marcellin Champagnat Woyera pa 6 Juni, nyengo imene kuno kumapiri kwathu chisanu chimakhala chitafika ndipo ana amapita ku sukulu atapinda manja m'khwapa. Pa tsiku limenelo tiziwapempherera anawo pamodzi ndi aphunzitsi awo, a mbali ino ndi a tsidya ilo, kuti mwa mapemphero a woyerayu ndi a Amayi Maria, zaka 100 zikubwerazi zisadzapeze mwana wa parishi ino atatayidwa chifukwa chochedwa kumva.